Kusankha ndi Kulima Mitengo ya Nashi, Chipatso cha ku Asia

Wolankhula Chichewa akamva mawu akuti peyala, chimene chimabwera m'mutu mwake ndi chipatso chamafuta chija chimene timapaka pa buledi kapena kudyera mbatata yowiritsa, choncho ndi bwino kuthetseratu chisokonezo nkhani isanapite patali. Chipatso chimene tikukamba pano, ngakhale pa Chingerezi amachitcha Asian pear, si chimenecho, ndipo pakati pa ziwirizi palibe chibale chilichonse. Ichi n'cha m'banja la maapozi ndi mapichesi, kwawo ndi ku China, Korea ndi Japan, ndipo anthu a ku Japan amachitcha nashi, a ku Korea amati bae, pomwe a ku China amati li. Ife tigwiritsa ntchito dzina la nashi poti ndilo lafala m'masitolo ndi m'manazale a mayiko ambiri. Mitundu yambiri ya nashi imabala zipatso zobulungira ngati apozi, za khungu lachikasu kapena lamkuwa lokhala ndi timadontho, ndipo mnofu wake ndi woyera, wolimba moti ukauluma umathyoka ngati chinangwa chachiwisi, koma madzi ake ndi ochuluka ndi otsekemera mpaka kuyenderera m'chibwano.

Mtengo wake si wovuta kusamala, ndipo umayamba kubereka msanga, kawirikawiri m'chaka chachitatu kapena chachinayi. Amene amakhumudwa nawo, nthawi zambiri anaphonya dzenje lisanakumbidwe n'komwe, pobzala mtundu umene sukugwirizana ndi kuzizira kwa dera lawo kapena pobzala mtengo umodzi wopanda unzake woupatsa mungu. Amene anasankha bwino koma n'kumakolola tizipatso tating'ono tosakoma, vuto lawo limakhala chifundo: amalephera kuthothola zipatso zochuluka zimene mtengowu umagwira chaka chilichonse.

Kuzizira kwa dera lanu

Nashi umayoyola masamba onse nyengo yachisanu ikafika, n'kugona tulo. Maso a maluwa ndi a masamba amene anapangika m'chaka chimene chathacho sadzuka pongoti kunja kwafunda, koma amayamba adikira kuti akhale pozizira kwa maola okwanira, ndipo akatswiri amawerenga maola amene kuzizira kuli pakati pa madigiri 0 ndi 7. Manazale a ku California amalemba kuti mitundu yotchuka ya ku Japan imafuna maola a pakati pa 300 ndi 500, koma ofufuza a ku Japan komweko amapereka ziwerengero zokwererapo ndithu pa mitundu monga Kosui, kotero kuti mlimi asatengeke ndi chiwerengero chotsika chimene wogulitsa mbande walemba pa kapepala. Chinanso chofunika kudziwa, makamaka kwa ife a kuno kotentha, n'chakuti dzuwa la masana limafufuta gawo la kuzizira kumene mtengo unasonkhanitsa usiku. Malo amene m'mawa wa mu Juni mumagwa chisanu koma pofika masana anthu avula majuzi sangafanane ndi malo amene kumakhala kozizira tsiku lonse, ngakhale usiku wawo utakhala wofanana.

Mtengo umene sunakhute kuzizira umadziwika msanga. Maluwa amatuluka apa ndi apo kwa masabata ambiri m'malo mochita mbuu nthawi imodzi, nthambi zimakhala zambulanda pakati n'kungokhala ndi kamtsitsi ka masamba kunsonga, ndipo mitengo iwiri imene inayenera kupatsana mungu imaphonyana nthawi. Mtengo wotere suuma, koma umangodya malo ndi manyowa.

Kwa wokhala ku Britain, kapena m'zigawo za zipatso za South Africa monga Ceres, Elgin ndi Langkloof, kuzizira kulipo ndipo akhoza kusankha mtundu potsata kukoma. Kwa wokhala ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete, zoona zake n'zakuti Lilongwe, Chipata, Salima ndi chigwa cha Shire si malo a nashi wa ku Japan. Oyenera kuyesa ndi a kumapiri, monga ku Dedza, ku Tsangano ndi Angónia, pamwamba pa phiri la Zomba, ku Viphya, ndi ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe, ndipo ngakhale kumeneko ayambe ndi mitengo yowerengeka ya mitundu yosalira kuzizira kwambiri. Umboni wabwino kuposa wa m'mabuku ndi mitengo ya mapichesi ndi maapozi ya m'mudzi mwanu momwemo: ngati imayoyola masamba onse mu Juni ndi Julayi n'kuchita maluwa nthawi imodzi kukayamba kufunda, chiyembekezo chilipo.

Kumene kuzizira kwaperewera pang'ono, alimi amathandiza mtengo pouleka osathirira nyengo yozizira ikamayandikira, populula ndi manja masamba amene akana kugwa, ndi poweramitsa nthambi kuti zigone chopingasa, poti nthambi yogona imadzutsa maso ambiri kusiyana ndi yoima chilili. Minda ikuluikulu imapopera mankhwala a hydrogen cyanamide, koma awa ndi poizoni woopsa amene mayiko a European Union anawaletsa, ndipo mlimi wa pakhomo ndi bwino awatalikire. Anthu a ku Taiwan anapeza njira ina yodabwitsa. M'dera la Dongshi ku Taichung, kumene n'kofunda, amalima mtundu wa Hengshan umene sulira kuzizira koma zipatso zake n'zokhakhala, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 iwo amaitanitsa timitengo ta maso a maluwa amene akhuta kale kuzizira ku Japan kapena kumapiri aatali a dziko lawo, n'kumezanitsa pa nthambi za Hengshan. Diso lililonse limatulutsa maluwa n'kubereka zipatso za mitundu ya ku Japan monga Hosui kapena Kosui chaka chomwecho, ndipo chaka chotsatira ntchito yonseyo amaibwereza. Ndi ntchito yolemetsa, koma ikusonyeza kuti chimene chimafunika kuzizira ndi diso, osati mtengo wonse.

Mitundu yake

Anthu a ku Japan amagawa nashi m'magulu awiri poyang'ana khungu, la zobiriwira zimene zikapsa zimasanduka zachikasu, ndi la zamkuwa za khungu lokhakhala pang'ono. Wotchuka kwambiri m'gulu loyamba ndi Nijisseiki, dzina lotanthauza zaka za m'ma 1900, ndipo m'manazale a Chingerezi amaulemba 20th Century. Mbiri yake imati m'chaka cha 1888 mnyamata wa zaka 13, Matsudo Kakunosuke, anapeza kambande kakumera padzala kwa abale ake ku Matsudo m'chigawo cha Chiba, n'kukabzala m'munda mwa bambo ake. Mu 1904 mtunduwu unafika ku Tottori, chigawo chimene mpaka lero chimadziwika nawo. Chipatso chake n'chakhungu lopyapyala, chamadzi ambiri, chotsekemera mosakaniza ndi kuwawasa pang'ono, koma mtengo wake umagwidwa kwambiri ndi matenda a madontho akuda, ndipo ndi chifukwa chake anadzatulutsa Gold Nijisseiki wopirira matendawa. Shinseiki, wa mu 1945, ndi mwana wa Nijisseiki ndi Chojuro. Amapsa msanga, amabereka mosadumphitsa, salira kuzizira kwambiri poyerekeza ndi anzake, ndipo ngakhale kukoma kwake sikufika pa Hosui, woyamba kumene ulimiwu ndingamuuze kuti ayambire pamenepa.

M'gulu la zamkuwa, wakale ndi Chojuro amene anapezeka ku Kawasaki m'zaka za m'ma 1890, wa mnofu wolimba wokhakhala ndi kafungo kakekake. Masiku ano ku Japan walowedwa m'malo ndi Kosui, wa mu 1959, amene ndiye amalimidwa kwambiri kuposa mtundu wina uliwonse m'dzikomo, ndi Hosui wa mu 1972 amene amabwera pachiwiri. Kosui amapsa koyambirira, ndi wotsekemera wopanda kuwawasa, koma sachedwa kuwonongeka akathyoledwa. Hosui ndi wamkulupo, amapsa patapita masabata awiri kapena atatu, ndipo ambiri amene alawa mitundu yonseyi amamuika patsogolo. Zovuta zake n'zakuti mtengo wake umakula mosalongosoka, ndi nthambi zazitali zolendewera, umagwidwa msanga ndi matenda a fire blight, amene amadetsa nthambi ngati zawauka ndi moto, ndipo chipatso chikapsa mopitirira mnofu wake umachita mawanga amadzi ngati wanyikidwa m'mafuta.

Opsa mochedwa ndiwo osungika. Shinko amadziwika kuti ndi wopirira fire blight kuposa anzake ambiri, ndipo kumene matendawa aliko ndiye woyenera kuyamba kumuganizira. Niitaka, wa mu 1927, amabala zipatso zikuluzikulu zopitirira theka la kilogalamu, zina mpaka kilogalamu yathunthu. Ku Korea amamutcha Shingo, ndipo ndiye wadzaza minda ya kumeneko, kuphatikizapo ya ku Naju, chifukwa zipatso zazikulu zooneka bwino n'zimene anthu amapatsana ndi kupereka pa mwambo wokumbukira makolo pa chikondwerero cha Chuseok. Korean Giant, amene manazale ena amamutcha Olympic, nayenso ndi wamkulu ndipo amakhala m'firiji miyezi ingapo osasintha.

Ya Li wa ku Hebei m'dziko la China ndi wosiyana ndi onsewa: chipatso chake chili ndi khosi, mtengo wake ndi wamkulu, ndipo amachita maluwa msanga kwambiri moti amafuna mnzake wofulumira ngati iye, amene kawirikawiri amakhala Tsu Li. Kwa a kumalo ofunda, mitundu yoyenera kufunsa ndi Hengshan uja wa ku Taiwan, Patharnakh amene amalimidwa m'zigwa zotentha za Punjab ku India, ndi mitundu ya makaladi a nashi ndi m'bale wake wa ku Ulaya wotchedwa European pear, monga Kieffer, Hood ndi Flordahome. Kunena mosabisa, mitundu imeneyi siikoma ngati Hosui, koma imabereka kumene Hosui angangokhala mtengo wa mthunzi.

Mungu, ndi tsinde la pansi

Mitundu yambiri ya nashi imakana mungu wake womwe. Shinseiki ndi Nijisseiki amatha kugwira zipatso zina ali okha, koma nawonso amabereka bwino akakhala ndi mnzawo, choncho lamulo n'lakuti mubzale mitundu iwiri kapena itatu yochita maluwa nthawi imodzi, motalikirana osapitirira mamita 15. Si iwiri iliyonse imene imagwirizana. Mitundu ya chibale chapafupi imakanana ngati kuti ndi mtengo umodzi: Nijisseiki ndi Kikusui sapatsana mungu, chimodzimodzinso Kosui ndi Shinsui. Niitaka ali ndi mungu wochepa kwambiri, kotero amalandira koma sapereka, ndipo womubzala ayenera kukhala ndi mitundu ina iwiri kuti iyo izipatsana. Hosui ndi Shinseiki, kapena Hosui ndi Nijisseiki, kapena Kosui ndi Chojuro, ndi maukwati odalirika. Wa malo ochepa akhoza kumezanitsa nthambi ya mtundu wachiwiri pa mtengo womwewo.

Timadzi ta m'maluwa a nashi tili ndi shuga wochepa, ndipo njuchi zikapeza maluwa ena pafupi zimawalambalala. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alimi a ku Japan, Korea ndi mbali zina za China amaperekera mungu ndi manja. Amathyola maluwa a mtundu wopereka atafufuma ngati kabaluni koma asanatseguke, amachotsa timitu ta mungu, amatiyanika pa pepala m'chipinda chofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri mpaka titaphulika n'kutulutsa ufa wachikasu, kenaka amadyoletsa ufawo pakati pa duwa ndi kaburashi ka nthenga. Wa mitengo iwiri kapena itatu safunika zonsezi: atenge nthenga yofewa ya nkhuku, aisisite m'maluwa otseguka a mtengo wina, n'kukagunditsa pakati pa maluwa a unzake, pa tsiku lofunda lopanda mvula, mame atauma. Maluwa awiri kapena atatu pa tsango lililonse ndi okwanira.

Nashi sabzalidwa kuchokera ku nthangala, chifukwa mbande yotero siibala zipatso zofanana ndi mayi wake. Mbande yogula imakhala yomezanitsa, ndipo muyenera kufunsa za tsinde la pansi monga momwe mwafunsira za mtundu wa pamwamba. Pyrus betulifolia ndi tsinde lamphamvu lopirira dothi lolemera ndi lonyowa, ndipo limathandiza zipatso kukula. Pyrus calleryana limachita bwino kumalo ofunda. Ku Japan amagwiritsanso ntchito mbande za nashi yemweyo, ku India ndi Nepal amadalira Pyrus pashia, pomwe ku America kuli masinde a OHxF monga 87 ndi 97. Tsinde la mtengo wina wa zipatso wotchedwa quince, limene limafupikitsa mitengo ya European pear, siligwirana bwino ndi nashi, ndipo mbande yomezedwa pamenepo muisiye. Ngati mukuitanitsa mbande kunja, tengani chilolezo ku unduna wa zaulimi ndipo musabise timitengo m'chikwama, poti fire blight ndi matenda amene amayenda m'njira yomweyi, ndipo atalowa ku South Korea mu 2015 minda yambiri inazulidwa n'kukwiriridwa. Kumbukiraninso kuti mbande yochokera kumpoto kwa dziko lapansi imafika kuno ili m'tulo mu Januwale, pakati pa dzinja lathu, nyengo zitasemphana, choncho yochokera kum'mwera konkuno, monga ku South Africa, ndiyo imazolowera mosavuta.

Kubzala ndi kuumba mtengo

Sankhani malo a dzuwa tsiku lonse, otetezeka ku mphepo yamkuntho, a dothi lakuya losasunga madzi. Katondo wosakanizika ndi manyowa ndi wabwino, koma dambo la makande lodikha madzi m'dzinja limawoletsa mizu. Dothi likhale la pH ya pakati pa 6 ndi 6.5, ndipo lowawasa kwambiri, monga la m'madera ena a mvula yambiri, lithiridwe laimu miyezi ingapo musanabzale. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe, dothi lapamwamba mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana, ndipo mitengo italikirane mamita 4 kapena 5. Mbande yopanda dothi kumizu imabzalidwa ili m'tulo, ndiye kuti mu Juni kapena Julayi kum'mwera kwa Africa, ndi pakati pa Novembala ndi Malichi ku Britain. Mfundo ya pomezanitsa ikhale pamtunda, masentimita 5 mpaka 10 kuchokera padothi. Mukathirira, phimbirani ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, poti kwathu kuno ndiyo njira imene chiswe chimafikira pa khungwa.

Kuno kum'mwera mtengo umadzuka n'kuchita maluwa mu Ogasiti ndi Sepitembala, mvula ili kutali, ndipo tizipatso timakula m'chilimwe chowawa cha Okutobala. Wopanda madzi othirira asabzale nashi. Mtengo waung'ono umafuna ndowa imodzi kapena ziwiri za malita 20 pa sabata, wobereka umafuna oposa apo, ndipo kuuthirira modukizadukiza, lero chigumula mawa chilala, kumang'alula zipatso. Feteleza wa nayitirojeni, monga urea ndi CAN, athiridwe mosamala, chifukwa akachuluka mtengo umangotulutsa mphukira zanthete zimene nsabwe ndi matenda zimakonda, zipatso n'kukhala zosatsekemera. Mtengo wobereka umene nthambi zake zikutalika masentimita 20 mpaka 30 pa chaka ukudya mokwanira.

Nashi ali ndi khalidwe loimika nthambi zonse chilili, zothinana ndi thunthu, ndipo nthambi zotero zimachedwa kubereka, kenaka zimakhadzuka zikalemedwa. Ntchito ya zaka zitatu zoyambirira ndi kuzitambasula. Mukabzala, dulani mbande pa msinkhu wa masentimita 70 mpaka 80, mphukira zikatuluka musankhe zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, ndipo zikadali zanthete muzikankhire kunja ndi kamtengo kapena muzimangirire ku chikhomo ndi luzi, mpaka zitapendeka pafupifupi theka la njira pakati pa kuima ndi kugona. Ku Japan amagoneka nthambi zonse pa thandala la mawaya lotalika pafupifupi mamita 1.8, lofanana ndi limene ena amayangitsapo mphesa, makamaka pofuna kuti mphepo za mkuntho zimene zimawomba zipatso zili pafupi kupsa zisazigwetse, komanso kuti munthu azifikira chipatso chilichonse ataima pansi. Pakhomo thandala si lofunika, bola mtengo usapitirire mamita 3. Kudulira kwenikweni kumachitika mtengo uli m'tulo, pochotsa nthambi zouma, zopingasana, ndi mphukira zoongoka zotuluka pamsana pa nthambi. Samalani tinthambi tifupitifupi ta maso onenepa, poti maluwa amatuluka pamenepo. Nijisseiki amasunga tinthambi totere zaka zambiri, koma Kosui satisunga, ndipo womulima ayenera chaka chilichonse kusiya mphukira zatsopano zolowa m'malo mwa nthambi zokalamba.

Kupatulira zipatso

Apa ndi pamene pagona ulimi wa nashi. Diso limodzi limatulutsa tsango la maluwa pafupifupi 8, ndipo mungu ukayenda bwino ambiri mwa iwo amagwira. Mosiyana ndi mango amene amadzigwetsera okha tizipatso tambiri, nashi amaumirira pafupifupi tonse, ndipo mtengo wosiyidwa choncho umabala tinthu tangati mandimu, tolimba, tosatsekemera, nthambi n'kuthyoka, chaka chotsatira n'kupumula osabereka. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mlimi wofuna kusunga chipatso chilichonse amathera pomwepo.

Nthawi ndi yofunika kuposa luso. Kukula kumene chipatso chidzafike kumakhazikika m'masabata oyambirira maluwa atayoyoka, pamene tizigawo ta mnofu wake tikuchulukana, choncho kupatulira mochedwa kumapepuza nthambi koma sikukulitsa chipatso kwenikweni. Patulirani koyamba pasanathe masiku 30 kuchokera pamene maluwa anachita mbuu, tizipatso tili ngati nzama, n'kusiya kamodzi pa tsango lililonse. Gwirani tsangolo ndi dzanja lamanzere, muliyang'ane kuchokera m'munsi. Maluwa a nashi amatseguka kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo alimi a ku Japan amasunga chipatso chachitatu, chachinayi kapena chachisanu powerenga kuchokera pansi, chifukwa zoyambirira zimakhala zaphwatalala za phesi lalifupi, pomwe zomalizira zimakhala zazing'ono. Sankhani chobulungira bwino, chopanda bala, cha phesi lalitali lonenepa, choloza cham'mbali. Choloza kumwamba chimaoneka chonyadira lero, koma chikalemera phesi lake limapindika n'kuthyoka. Zotsalazo muzidule ndi sizasi, osazikoka, kuti musavulaze phesi la chimene mwasunga.

Pakapita masabata awiri kapena atatu bwereraninso, ndipo ulendo uno muchotse matsango athunthu, kufikira zipatso zitatalikirana masentimita 15 mpaka 20 pa nthambi, kapena kuposerapo pa mitundu ikuluikulu monga Niitaka. Chipatso chimodzi chimafuna masamba a pakati pa 25 ndi 30 ochidyetsa. Za kunsonga kwenikweni kwa nthambi zichoke zonse kuti nthambi ipitirize kukula. Mukamaliza, pansi pamakhala tizipatso tambirimbiri kuposa totsala m'mwamba, ndipo woona koyamba amaganiza kuti mwawononga mtengo, koma umo ndi momwe ziyenera kukhalira. M'zaka ziwiri zoyambirira musasiye chipatso n'chimodzi chomwe.

Mukatha kupatulira, vekani zipatso matumba. Ku Tottori, Nijisseiki amavekedwa kawiri, kathumba kakang'ono poyamba ndi lalikulu pambuyo pake, kuti khungu lituluke losalala lopanda banga. Kwa ife phindu lalikulu la thumba ndi kutchinga ntchentche za zipatso, zomwe zija zimaika mphutsi m'mango ndi m'magwafa, pamodzi ndi mbalame ndi agulugufe oboola zipatso usiku. Popeza kuno zipatso zimakhwima mvula ili mkati, thumba la nyuzipepala silichedwa kusungunuka. Labwino ndi la pepala lopaka phula kapena la nsalu yopyapyala ngati ya neti, lomangidwa bwino paphesi kuti madzi ndi nyerere zisalowe. Ngati mwagwiritsa ntchito la pulasitiki, dulani ngodya zam'munsi kuti madzi azituluka.

Matenda

Kumene kuli fire blight, nthambi imada ngati yawauka ndi moto, masamba osagwa, nsonga itapindika ngati ngowe. Mankhwala ochiza palibe. Dulani nthambiyo masentimita 30 kunsi kwa pamene pathera kudako, pukutani sizasi ndi sipiriti kapena jiki wosungunula musanadule pena, ndipo zodulazo muzitenthe. Chikanga cha nashi, choyambitsidwa ndi Venturia nashicola, chimachita mwaye wakuda pamasamba ndi pazipatso nyengo ya chinyezi, ndipo chimachepa mukamasesa ndi kukwirira masamba ogwa, kudulira kuti mphepo izidutsa, ndi kupopera mankhwala a kopa mtengo usanadzuke. Kopa asapoperedwe pa zipatso zanthete poti amawononga khungu. Chiwawu cha madontho ofiira chimasinthana pakati pa nashi ndi mitengo ya juniper, moti mizinda ina ya ku Chiba, kuphatikizapo Matsudo, ili ndi malamulo oletsa kubzala mitengo imeneyi pafupi ndi minda ya nashi. Wokhala ku Britain kapena ku South Africa ayembekezerenso mphutsi zoboola zipatso za kagulugufe kotchedwa codling moth, zimene matumba aja amazitchinga akavekedwa msanga.

Kukolola

Zipatso za European pear zimathyoledwa zosapsa n'kukafewera m'nyumba, koma nashi amapsera mumtengo, ndipo wothyoledwa msanga sadzatsekemeranso ngakhale mutamuvundika m'gaga ngati nthochi. Kufewa si chizindikiro, poti nashi wakupsa amakhalabe wolimba. Yang'anani khungu: mitundu yobiriwira imasanduka yachikasu, yamkuwa imataya kubiriwira kwa pansi pa khungu n'kuwala ngati uchi, makamaka kumunsi kwa chipatso. Thyolani chimodzi mulawe, muonenso ngati nthangala zada. Chakupsa mukachinyamula m'dzanja n'kuchipendeketsa cham'mwamba chimathothoka chokha ndi phesi lake, ndipo chimene chikukana chisiyeni. Zipatso za mtengo umodzi sizipsa tsiku limodzi, choncho mudzabwerera katatu kapena kanayi m'masabata awiri, kuyambira ndi za kunja zowombedwa dzuwa.

Ngakhale mnofu ndi wolimba, khungu la nashi ndi losachedwa kuvulala, ndipo pamene chala chafinya kapena chipatso chakhulana ndi chinzake pamada pofika mawa lake. Ndi chifukwa chake m'masitolo mumazipeza zitavala timaneti tofewa. Kololani m'mawa kusanatenthe, fupikitsani phesi ndi sizasi kuti lisabaye zinzake, ndipo muziyale mzere umodzi m'bokosi loyalidwa nsalu kapena udzu wofewa, osazikhuthulira m'dengu. Kosui adyedwe kapena agulitsidwe m'masiku ochepa. Hosui ndi Nijisseiki amakhala m'firiji masabata angapo, pomwe Shinko ndi Korean Giant, akasungidwa pa madigiri 0 mpaka 1 m'thumba la pulasitiki loboola kuti asafote, amatha miyezi itatu kapena kuposerapo. Ya Li yekha ndiye sayenera kulowetsedwa pozizira kwambiri tsiku lomwe wathyoledwa, chifukwa mtima wake umada. Amayamba waikidwa pamalo ozizirira pang'ono, kenaka kuzizirako kumawonjezeredwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo mpaka kufika pa madigiri 0.